Nyumba ya lendi kumapiri a ku Italy: tili anthu 9, agogo ndi ana aang'ono momwemo, tiyambire pati?

NaBanda wa ku Westgate

Moni nonse abale anga a muno mu Harare. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata atatu, ndiye ndati ndibwere nayo kuno, poti safunsa anadya phula.

Amayi anga akwanitsa zaka 75 mu Ogasiti chaka chamawa. Anabadwira ku Mbare, bambo awo atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya ukhukhi, ndipo chikwatiwire akhala ku Mufakose. Ndi akatolika enieni, a kolona m'thumba la diresi. Tili ana ankakonda kutisimbira za Francis Woyera wa ku Assisi, ndipo chithunzi chake chikadali pakhoma la pabalaza, chinachita kusuluka ndi dzuwa. Tsiku lina tikusenda mbatata anangoti, "Ndikanakonda nditakagwada pamanda a munthu ameneyu ndisanatsikire kuli chete." Sanabwerezenso, koma ine mawuwo sanandichoke mumtima.

Achimwene anga amagwira ntchito m'chipatala ku Leicester, ku England. Papita zaka 6 osaonana ndi amayi, ndipo mwana wawo wa zaka 5 agogo ake amangomudziwira pa WhatsApp. Tinagwirizana kuti m'malo moti iwo abwere kuno, tonse tikakumane ku Italy kwa sabata imodzi. Ndalama tinayamba kusonkha mu Januwale, ndipo gawo lalikulu asenza achimwenewo.

Tidzakhala anthu 9: ine, bambo a kunyumba, ana athu atatu a zaka 13, 8 ndi 3, amayi, achimwene, alamu anga ndi mwana wawo. Hotelo sindikuifuna. Zipinda zinayi ndi ndalama zambiri, komanso aliyense amakadzitsekera kwake. Ine ndikufuna khonde limodzi, tebulo limodzi, amayi atakhala pakati adzukulu akuwazungulira. Ndiponso amayi sangathe masiku awiri osadya nsima, ndiye khitchini ndi yofunika.

Pa intaneti ndapeza nyumba zimene amazitcha villa, ndipo ina ya kufupi ndi Montalcino ku Tuscany yandidya mtima. Ndi yamiyala, ili payokha pamwamba pa chitunda, minda ya mpesa mbali zonse, dziwe losambiramo kutsogolo. Mwini wake akuti ndilipire gawo loyamba mwezi uno kuti wina asaitenge. Dzanja likundiyabwa, koma mantha aliponso. Amayi mawondo amawavuta, ndipo kamtsikana kanga ka zaka 3 sikaopa madzi ngakhale pang'ono. Amene munachitako lendi nyumba zoterezi ndi banja, ndiuzeni zoona: ndiyang'ane chiyani chimene chithunzi sichionetsa?

Bambo a Mphatso, Mabvuku

Achemwali, ndalamazo zigwireni kaye. Ine ndinayendetsa galimoto kumeneko mu 2023 ndi banja langa, ndiye ndilankhulapo za msewu basi, zina anena ena.

Tsegulani mapu muone pamene pali Montalcino ndi pamene pali Assisi. Montalcino ili ku Tuscany chakumwera kwa Siena, Assisi ili ku Umbria, kupitirira Perugia. Ndi ulendo wa pafupifupi maola awiri kupita kokha, misewu yokhotakhota, agogo ndi ana ali m'mbuyo. Ngati cholinga ndi Assisi, nyumbayo ili kolakwika ngakhale ikongole bwanji.

Chachiwiri, nyumba yokhala payokha pachitunda imakhala ndi msewu wake, ndipo kawirikawiri ndi wa miyala yoyera, eni ake amati strada bianca. Yathu inali ndi makilomita atatu a msewu wotero, wokwera, wopanda nyali. Masana zinali bwino. Tsiku lofika tinachedwa, tinalowa mdima utagwa, netiweki ya foni itathawa, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Mufunseni mwini nyumba mosapita m'mbali kuti msewu wa tala umathera pati, ndipo golosale ndi famase zili mphindi zingati. Akayankha kuti "pafupi", funsaninso mpaka atchule nambala.

Anthu 9 musaganize za galimoto imodzi. Ya mipando 9 ilipo ndipo laisensi wamba imalola, koma mukakhala nonse masutikesi alibe malo, komanso timisewu ta m'midzi imeneyi tinamangidwa kulibe galimoto. Tengani ziwiri zapakatikati. Kumeneko amayenda kumanja, ndiye inu a kuno ndi achimwene a ku Leicester nonse mudzakhala alendo pa chiwongolero. Zambiri zobwereketsa ndi za magiya, ndipo giyayo ili kudzanja lamanja. Ine tsiku loyamba dzanja lamanzere linkangomenya chitseko. Ngati mungathe, lipirani ya otomatiki, ndipo isungitseni msanga chifukwa zimakhala zochepa. Laisensi yapadziko lonse katengeni ku Automobile Association of Zimbabwe musananyamuke, ndipo yanu ya masiku onse ipite nayo limodzi. Makampani obwereketsa amafuna credit card ya dzina la woyendetsayo kuti agwirepo dipoziti, ndipo ambiri sakonda makhadi othiramo ndalama amene timagwiritsa ntchito kuno. Funsani zimenezi mwa kalata musanalipire. Mwana aliyense wosafika masentimita 150 ayenera mpando wake wa ana, ndi lamulo.

Chimene chinandipweteka ine ndi ZTL. Pakhomo la pafupifupi tawuni iliyonse yakale pali chikwangwani chozungulira, m'mbali mofiira, pakati poyera, chalembedwa zona traffico limitato (ZTL), kutanthauza kuti galimoto yopanda chilolezo isalowe. Palibe wapolisi, palibe geti, pali kamera yokha. Ndinalowa kawiri tsiku limodzi potsatira mapu a pa foni, ndikufuna kutsitsa ana pafupi. Patapita miyezi ingapo makalata anandipeza kuno ku Mabvuku: chindapusa chopitirira 80 euro pa kulowa kulikonse, kuphatikizapo ndalama imene kampani ya galimoto inadula chifukwa chopereka dzina langa. Imikani galimoto kunja kwa mpanda wa tawuni, pa mizere yabuluu yolipira, mulowe wapansi. Ku Siena kuli masitepe oyenda okha ochokera kumalo oimika galimoto, agogo sadzavutika kukwera.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Fiumicino ku Rome kukafika dera limenelo ndi maola awiri ndi kanthu pa msewu wa A1, wolipira pageti. Nyumba zambiri nthawi yotentha amabwereketsa Loweruka mpaka Loweruka, ndiye gulani chakudya m'njira, chifukwa Lamulungu timasitolo ta m'midzi tambiri timakhala totseka.

aNgozo a ku Highfield

Anabanda, ine ndifunse chimodzi: pasipoti ya amayi ili bwanji? Yambirani pamenepo, nyumba ibwere pambuyo. Makolo athu ambiri obadwira kuno kwa makolo a ku Nyasaland ali ndi zitupa zakale zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 43, anavomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe, kholo lake likuchokera m'dziko la SADC, yemwe amakhala kuno, ndi nzika. Koma chitupacho chiyenera kusinthidwa kaye musanapemphe pasipoti, ndipo zimafuna nthawi ndi miyendo. Ndinayenda nazo za amalume anga, ndikudziwa.

Kaya pasipoti ndi ya Zimbabwe kaya ya Malawi, viza ya Schengen, yolowera ku Italy ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, ikufunika, ndipo ofesi ya kazembe wa Italy ilipo muno mu Harare. Wamkulu amalipira 90 euro, mwana wa zaka 6 mpaka 11 ndi 45 euro, wosafika zaka 6 salipira. Mwana wanu wa zaka 13 akuwerengedwa ngati wamkulu pa mtengowo ndipo adzadinda zala, chifukwa kudinda kumayambira zaka 12. Mumaloledwa kupempha kutatsala miyezi 6, ndiye wa Ogasiti angayambe mu Febuluwale. Yankho limatuluka m'masiku 15, koma likhoza kutenga mpaka 45. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba awiri opanda chidindo. Inshuwalansi ya chipatala ikhale yotha kukulipirirani ndalama zosachepera 30,000 euro, ndipo ya amayi muwerenge bwino zimene akunena pa zaka ndi pa matenda amene ali nawo kale. Zikalata za kubadwa za ana zisasiyidwe.

Kalata yotsimikiza nyumba ikhale ndi mayina a onse, osati la wolipira yekha. Ndipo sankhani nyumba imene imabweza ndalama mukasintha maganizo, chifukwa viza simunaigwire m'manja. Achimwene anu ngati akadali ndi pasipoti ya kuno, nawonso apemphe yawo komweko ku UK.

Make Tiyamike

Achemwali anga, nkhani yanu yandigwira chifukwa ndi yangayanga. Ndinapita ndi apongozi anga aakazi ali ndi zaka 71, ndi ana awiri, wamng'ono ali ndi zaka 4. Nyumba musaisankhe ndi maso anu. Isankheni ndi mawondo a amayi ndi mapazi a kamtsikanako.

Nyumba zimenezi zambiri zinali za alimi. Pansi pankagona ng'ombe, anthu ankakhala pamwamba, n'chifukwa chake mukuona masitepe amiyala okwera chakunja. Pozikonza anaika khitchini ndi pabalaza pansi, zipinda zogona n'kuzisiya pamwamba. Ife tinangowerenga kuti zipinda zinayi, osafunsa kuti zili kuti. Apongozi atayang'ana masitepewo anangokhala pa sutikesi. Tinatsitsa matiresi, ndipo sabata yonse anagona pabalaza, kusamba n'kumachita kuwatengera madzi m'beseni chifukwa bafa linali pamwamba. Sanadandaule, koma ine zinkandiwawa. Choncho funsani ngati pali chipinda chogona pansi, chokhala ndi chimbudzi ndi shawa yolowa osadumpha. Pemphani kanema wa pa foni, munthu akuyenda kuchokera pamene galimoto imaima mpaka pabedi limenelo, inu muziwerenga masitepe. Mwini nyumba wabwino sakana. Onaninso nambala ya CIN, yosonyeza kuti nyumbayo inalembetsedwa kuboma, pa chilengezo cha nyumbayo pa intaneti. Kuyambira 2025 nyumba iliyonse yobwereketsa alendo ku Italy iyenera kukhala nayo, ndiye yopanda nambala musaitumizire ndalama.

Za dziwe. Ambiri alibe mpanda, ndipo ena kuya kwake n'kumodzimodzi kuyambira uku mpaka uko, popanda pa ana. Lathu linali mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo la khitchini. M'mawa wina ndikutsuka makapu ndinazindikira kuti m'nyumba mwangoti zii. Ndinatuluka sopo ali m'manja, n'kumupeza mwana atagona chafufumimba m'mphepete mwa dziwe, akufikira mpira ndi kamtengo. Sindinakuwe, ndinaopa kuti adzidzimuka n'kugweramo. Ndinayenda monyang'ama mpaka ndinamugwira mwendo. Kuyambira tsiku limenelo tinkasinthana, wamkulu mmodzi ntchito yake kuyang'ana mwana basi, foni pansi. Akulu akachuluka aliyense amayesa kuti mnzake akuona. Funani dziwe la mpanda ndi geti lotsekeka. Zilipo, makamaka pa malo amene amati agriturismo, ndiye kuti famu yogwira ntchito imene imalandiranso alendo. Pamenepo eni ake amakhala pompo, pali nkhuku, mitengo ya maolivi, mwina bulu, ndipo mukadwalitsa usiku muli ndi chitseko chogogoda.

Malo ndingakuuzeni ndi a kufupi ndi nyanja ya Trasimeno, pakati pa Cortona ndi Castiglione del Lago, m'malire a Tuscany ndi Umbria. Kuchokera pamenepo Assisi ndi ola limodzi, Siena chimodzimodzi, Montepulciano theka la ola. Tsiku limene madalaivala atopa, sitima yochokera pa Terontola imadutsa Perugia n'kukaima pa Assisi. Ndipo kwa amayi anu dera limeneli ndi la Francis yemweyo. Kunja kwa Cortona kuli Le Celle, timanyumba tamiyala m'khwawa, malo amene anayambitsa mu 1211, ndipo kachipinda kake kakadalipo. Panyanjapo pali chilumba cha Isola Maggiore chimene amati anasalirapo nyengo ya Lenti. Mumapitako pa boti, ana amasangalala, agogo amapemphera, tsiku latha bwino.

Assisi yeniyeniyo ndi yokwera kwambiri, musawayendetse amayi tawuni yonse. Yambani kuchigwa, ku Santa Maria degli Angeli, pafupi ndi siteshoni ya sitima. M'kati mwa tchalitchi lalikulu limenelo muli katchalitchi kakang'ono ka Porziuncola kamene Francis anakonza ndi manja ake, ndipo pambali pake ndi pamene anamwalirira pa 3 Okutobala 1226. Pamenepo ndi pathyathyathya. Apongozi anga anakhalamo ola lathunthu osalankhula. Mukatero tengani takisi mpaka pakhomo pa tchalitchi la manda ake kumtunda. Ndi matchalitchi awiri osanjikizana, mandawo ali pansi pa onse, ndipo pali masitepe otsika, muwagwire mkono. Kulowa n'kwaulere, kujambula m'kati saloleza, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa. Chitenje m'chikwama chimathetsa zonsezo.

Matawuni a m'mapiriwa safanana pa miyendo. Pienza ndiye bwenzi la agogo: msewu wake waukulu ndi wosakwera, mphindi khumi mwautha, fungo la tchizi cha mkaka wa nkhosa lili ponseponse, ndipo kuseri kwa tchalitchi mumaona chigwa chonse cha Val d'Orcia mutatsamira khoma. Papa Pius II anabadwira pamenepo, ndipo ndiye anaumanganso mudziwo kuyambira 1459. Montepulciano ndi mtunda kuyambira pageti mpaka pabwalo, kumeneko apite achinyamata. Tawuni imodzi patsiku yakwana, m'mawa, kenako kunyumba. Masana sitolo zambiri zimatseka, ndipo malo odyera madzulo amatsegula cha m'ma 7:30, ana atafooka kale ndi njala, ndiye ife tinkaphika tokha.

Nsima musade nayo nkhawa. Ine ndinanyamula ufa woyera makilogalamu asanu ndi mthiko wanga, chifukwa timitengo tawo tophikira ndi tofewa. Ufa ukatha, funani polenta bianca m'masitolo a Coop kapena Conad. Ndi chimanga choyera, chokhakhala pang'ono ngati mgaiwa, koma nsima imagwira. Ndiwo zamasamba zilipo, nyemba zoyera zili mbwee, tomato wake ndi wokoma zedi. Nyama, biltong ndi za mkaka n'zoletsedwa kulowa nazo ku Ulaya, koma nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20, ndiye kapenta wa amayi akhoza kupita, mumukulunge bwino. Buledi wa ku Tuscany alibe mchere, musaganize kuti ophika anaiwala.

Tina ting'onoting'ono tofunsa: ngati zipinda zili ndi makina oziziritsa, chifukwa nyumba zakale zambiri zilibe; ngati mawindo ali ndi sefa, poti udzudzu ulipo ngakhale kulibe malungo; ndalama yokonzera m'nyumba potuluka, dipoziti, ndi msonkho wa alendo umene amawerenga pa munthu pa usiku. Magetsi a m'nyumba zambiri ndi ochepa mphamvu, mukayatsa uvuni ndi makina ochapira nthawi imodzi amazima, ndiye tsiku lofika akuonetseni pamene pali switchi yaikulu. Mapulagi athu a mano atatu salowa, gulani adaputala. Adzakupemphani mapasipoti a onse kuti alembetse kupolisi, musadabwe, ndi lamulo lawo. Nambala ya ngozi ndi 112.

Aphunzitsi a ku Dzivarasekwa

Onse anena bwino, koma palibe wakhudza mwezi. Ogasiti kuno ndi mphepo, kumeneko ndi ng'anjo, masiku ena kupitirira madigiri 35, ndipo munthu wa zaka 75 pa miyala yotentha si nkhani yamasewera. Pa 15 Ogasiti ndi Ferragosto, dziko lonse lili patchuthi, ndipo pa 16 ku Siena kuli mpikisano wa akavalo wa Palio, anthu osaponda pansi. Mitengo ya nyumba imakhala pamwamba penipeni. Ine ndikanasankha holide ya Epulo. Mapiri amakhala obiriwira, pamene mu Ogasiti tirigu amakhala atakololedwa, minda ili mbuu. Maiwe ambiri satsegula Meyi asanafike, ndiye nkhawa ya mwana yachepa, ngakhale mufunsebe ngati limakhala lovundikira. Choipa chake usiku kumazizira ndipo zotenthetsera m'nyumba ena amalipiritsa padera.

Ngati tsiku lobadwa la amayi silingasunthike, tengani sabata yomaliza ya Ogasiti, sukulu za kuno ndi za ku England zisanatsegule. Lamulungu lomaliza la mweziwo ku Montepulciano amapikisana kugubuduza migolo ya vinyo ya makilogalamu 80 kukwera nayo mtunda, mnyamata wanu wa zaka 13 sadzaiwala.

NaBanda wa ku Westgate

Zikomo kwambiri nonse, mwandichotsa chimbuuzi m'maso. Dzulo ndinapita ku Mufakose. Angozo, munalasa: amayi anatulutsa pasipoti pansi pa thiranki, yokulungidwa m'pulasitiki, ndipo inatha kalekale. Mwayi wake chitupa anasintha kale mu 2018. Lolemba m'mawa ndikupita nawo kukayamba za pasipoti yatsopano.

Nyumba ya ku Montalcino ndaisiya. Ndinafunsa za chipinda chapansi, anayankha kuti zonse zili pamwamba, masitepe 17, ndipo dziwe lilibe mpanda. Mtima unawawa pang'ono, koma ndinakumbukira apongozi anu atakhala pa sutikesi, Make Tiyamike. Ndalembera mafamu awiri a kufupi ndi Castiglione del Lago. Amodzi atumiza kale kanema: masitepe atatu okha pakhomo, chipinda chapansi chili moyang'anana ndi khitchini, geti la dziwe lili ndi loko wapamwamba poti mwana sangafikire, ndipo mudzi wa golosale uli mphindi zisanu pa tala.

Aphunzitsi, za Epulo ndinakambirana ndi achimwene, koma kuntchito kwawo anawapatsa kale tchuthi cha Ogasiti, ndiye titenga sabata yomaliza monga mwanenera, ndipo ndafunsa kuti chipinda cha amayi chikhale choziziritsa.

Amayi ndawauza tsopano. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati ku Porziuncola kumachitika Misa tsiku lililonse. Lero m'mawa mng'ono wanga wandiimbira kuti akana kombi, apita kutchalitchi wapansi ndi ndodo yawo, akuti akuzoloweza mawondo.

Funso latsala ndi la ndege. Tikuganiza zodzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines mpaka Rome. Alipo anasinthirako ndege kumeneko ndi munthu wachikulire?

Make Tiyamike

Ife tinadzera komweko. Pogula tikiti nenani kuti amayi adzafuna njinga ya olumala pa mabwalo onse atatu, Harare, Addis ndi Rome, ndipo mukumbutsenso kutatsala masiku awiri. Salipiritsa. Apongozi anga poyamba anakana, amvekere "ine ndimayenda ndekha", koma ataona kutalika kwa makonde a ku Fiumicino anakhalapo okha. Ndege ya ku Rome imanyamuka ku Addis usiku n'kufika m'mawa, ndiye juzi ndi mankhwala awo zikhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Nthawi imeneyo wotchi ya ku Italy imafanana ndi ya kuno, choncho mapiritsi a m'mawa adzamwa pa ola lawo lomwelo.